Sabata imodzi ku Lilongwe, ndi zimene ndaona mkati mwa nkhuyu

Lolemba

Ndafika bwino abale, ndili ku Area 25 kwa mlongo wanga. Minibasi inachedwa kudzadza pa Salima paja ndiye dzuwa latipeza tisanakwere n'komwe zitunda za ku Mvera, kutentha kwa Okutobala mukukudziwa, malaya kuchita kumata kumsana. Pa Chezi ndinagulako tomato ndi kabichi kuti ndisafike chimanjamanja, kenako ndatsikira pa Kanengo n'kukwera kabaza mpaka pakhomo.

Chobwerera ndi chinkhoswe cha mwana woyamba wa mlongo wangayu, chilipo Loweruka, ndiye ine monga malume ndinayenera kufika msanga kuti tikonze zinthu limodzi. Koma nkhani yomwe yandigoneka mochedwa lero ndi ina. Tikudya nsima pakhonde, ya usipa womwe ndinabwera nawo, ndinawauza alamu kuti kudimba kwanga kuja, kufupi ndi mtsinje wa Linthipe, mkuyu waukulu uja ndaugulitsa kwa anyamata oumba njerwa, akufuna akaotchere uvuni, chikole andipatsa kale ndipo tagwirizana kuti akaudula ine ndikabwerera. Mthunzi wake ukundiphera chimanga cha kudimba, komanso ndalamayo indithandiza pa feteleza. Alamu anangovomera kuti zoona zinthu zadula. Koma mng'ono wake wa mkwatibwi, amene akuphunzira za nkhalango ku Bunda, anasiya kudya n'kundiyang'ana.

"Amalume, mtengo umenewo mwakhala nawo zaka zingati?"

Ndinati ndinaupeza, ngakhale agogo ako anaupeza.

"Ndiye pa zaka zonsezo munauonapo utachita maluwa?"

Ndinakhala chete kuganiza. Mango ndimawaona akuchita maluwa, chitimbe, mthethe, ngakhale bwemba. Koma mkuyu ayi ndithu, umangotulukira uli ndi nkhuyu mbwee pathunthu ndi m'nthambi, duwa olo limodzi sindinalionepo chibadwire. Iye anati, "Musawaimbire kaye anyamatawo. Ndipatseni sabata ino ndikuonetseni duwa lake, mukaliona mukadule ngati mukufunabe." Ndavomera, mwana akamapempha mwaulemu chonchi sukana.

Lachiwiri

Mmawa ndisanamwe n'komwe tiyi wanditengera kuseri kwa nyumba kumene kuli mtengo wa mabulosi pafupi ndi bafa. Akuti amalume thyolani tsamba limodzi. Ndathyola, pakaphesi pake patuluka kadontho koyera ngati mkaka, komata m'zala. Akuti chizindikiro choyamba cha banja la mkuyu ndi chimenechi, ndipo bulosi ndi mkuyu ndi pachibale. Ine ndinadabwa, bulosi kamtengo kofewa ka ana aka ndi chimkuyu chija wapi ndi wapi? Koma eti banja lonselo amalitchula Moraceae ndipo dzinalo linachokera kwa bulosi yemweyu, amene pa Chilatini ndi Morus. Muli mitundu pafupifupi 1,100, yambiri ya kumaiko otentha ngati kwathu kuno, ndipo yoposa 800 mwa imeneyo ndi ya gulu la Ficus, kumene kuli mkuyu ndi kachere wathu.

Ndinamufunsa kuti nanga nkhadze, si imatuluka mkaka nayonso, nanga papaya? Anaseka n'kunena kuti ndafunsa bwino, utomoni woyera pawokha sukwanira, nkhadze ndi ya banja lina ndipo wake uja ndi woopsa m'maso monga tonse tikudziwa. Ndiye umafunika uonenso zina. Masamba a banja ili kawirikawiri sakhala awiriawiri moyang'anizana, limamera limodzi mbali iyi, lina pamwamba pake mbali inayo, kumangosinthana choncho. Komanso kunsonga kwa nthambi tsamba latsopano limabadwa litavekedwa kachikopa, likamatambasuka kachikopako kamagwa n'kusiya chipsera.

Kenako anathyola bulosi limodzi losapsa n'kundipatsa kagalasi kokulitsa zinthu komwe amayenda nako m'chikwama. Abale, bulosi lija timangoliponya m'kamwa si chipatso chimodzi ayi. Katuza kalikonse kaja kanali duwa palokha, ndipo ukayang'anitsitsa pamwamba pa katuza kalikonse pali kaulusi kouma kotsalira ku duwalo. Ndiye kuti timaluwa tambirimbiri tating'ono tinamera mothithikana pa kaphesi kamodzi n'kutupa limodzi. Iye anati ndisunge chithunzi chimenechi m'mutu chifukwa mawa chindithandiza. Anawonjezanso kuti mabulosiwa si a kuno, anachokera ku Asia, ndipo ku China masamba ake ndiwo chakudya cha mbozi zomwe zimapanga ulusi wa silika.

Masana tapita m'tauni kukagula zitenje za yunifolomu ya pachinkhoswe. Panjira tinaima kwa anthu ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, pamenepo ndiye wandionetsa bwino za kachikopa kaja pa mtengo wina wa masamba akuluakulu onyezimira womwe anthu amaika m'miphika m'maofesi, Ficus elastica. Kunsonga kwake kuli chinthu chofiira chosongoka ngati nyanga, kutalika ngati chala, ndipo m'munsi mwa tsamba lililonse muli mzere wozungulira nthambi yonse ngati mphete. Akuti mukaona mphete imeneyi limodzi ndi mkaka uja, dziwani kuti ameneyo ndi m'bale wake wa mkuyu, kaya muli dziko liti. Wogulitsayo anabwera kudzamvetsera nawo, akuti wakhala akuugulitsa zaka zambiri osadziwa kuti ndi wachibale ndi kachere wa kumudzi kwawo.

Titamaliza kugula ku Area 2 tinawoloka pa timilatho tamatabwa tija ta ku Tsoka, tolipira. Ndinaima pang'ono pakati kuyang'ana mtsinje wa Lilongwe, mtima unandiwawa, madzi akuda, majumbo ndi mabotolo mbali zonse, magombe ambiri ali mbee opanda mtengo wogwira dothi. Koma pa khoma la sitolo ina yakale, m'mwamba pafupi ndi paipi ya madzi a padenga, pamera kachere wamng'ono wa masamba obiriwira bwino, mizu yake yatsetsereka ndi khoma ngati zingwe kufunafuna pansi. Palibe anamudzala, ndi mbalame inadya zipatso kwina n'kudzachita chitosi pamenepo. Mwanayu anati ndi mmene kachere amayambira ngakhale m'tchire, njere imagwera pamphanda ya mtengo wina, amamera m'mwamba momwemo, n'kutsitsa mizu mpaka pansi, mizuyo ikakula imalumikizana yokhayokha n'kuukulunga mtengo uja ngati dengu. Sayamwa madzi a mtengowo ayi, amangoufinya ndi kuuphimba dzuwa mpaka umafa n'kuolera mkati, n'chifukwa chake akachere ena akuluakulu amakhala ndi mphako yoti munthu n'kulowamo.

Lachitatu

Lero ndiye tsiku, ndipo ndilemba zambiri, mundipirire.

Tapita ku nkhalango ija ili pakati pa Old Town ndi City Centre, ku Lilongwe Wildlife Centre m'mbali mwa msewu wa Kenyatta, kumene kumadutsa mtsinje wa Lingadzi. Ukangolowa pageti phokoso la magalimoto limayamba kuzilala, mphepo n'kusintha, kuzizira bwino ngati suli mu mzinda. Ine za nyama zosungidwa sindinazilabadire kwenikweni, tinalunjika tinjira ta m'mbali mwa mtsinje, ndipo sitinayende nthawi yaitali tinamva kaye phokoso lake tisanauone, apumbwa kulongolola, njiwa, apusi kudumpha m'nthambi, tinthu kugwa pansi phaa phaa ngati mvula yoyamba. Mkuyu.

Ndinauzindikira msanga chifukwa ndi chimodzimodzi wanga uja, thunthu lonenepa lachikasu mobiriwirako, ukalisisita limasiya kafumbi m'manja, masamba ozungulira okhakhala ngati lilime la ng'ombe, ndipo nkhuyu zili m'magulumagulu pa tinthambi topanda masamba tomera pathunthu penipeni ndi pa nthambi zikuluzikulu. Dzina lake la m'mabuku ndi Ficus sycomorus, ndipo eti ndi womwewu unakweredwa ndi Zakeyu ku Yeriko pa Luka 19. Ndakhala ndikuimva nkhani imeneyo kuyambira ku Sande sukulu osaganiza kuti ndi mtengo weniweni womwe uli kudimba kwanga.

Sitinathyole kanthu mumtengo, apusi anali atatigwetsera zokwanira, zina zongoluma kamodzi n'kutaya. Mwanayu anatola zingapo, zina zofewa zoyamba kufiira, ndipo pa mkuyu wina patsogolo pang'ono anatola zaziwisi zolimba gwa. Tinakhala pa muzu, anayala mpango woyera pamwendo, n'kutulutsa kampeni.

Anayamba ndi yaiwisi. Asanaidule anandionetsa kunsonga kwake, pali kakamwa kakang'ono kotsekedwa ndi timamba tosanjikizana ngati mamba a chambo. Kenako anaidula pakati n'kundipatsa kagalasi. Mkati muli mphako, ndipo khoma lonse la mphakoyo layalidwa ndi tinthu toyera tosongoka tambirimbiri, tothithikana ngati ndevu za chimanga zometedwa, tonse taloza pakati.

"Amalume, maluwa aja ndi amenewo."

Ndinayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati ndikumbukire bulosi la dzulo, timaluwa tambiri pa kaphesi kamodzi. Nkhuyu ndi zomwezo koma zotembenuzidwa ngati thumba, kaphesi kaja kanafutukuka n'kudzipinda, maluwa onse n'kutsekeredwa mkati. Ndiye chomwe timachitcha chipatso chija kwenikweni ndi nyumba ya maluwa mazanamazana, aakazi ambiri, aamuna ochepa ali chakufupi ndi kakamwa kaja. Ndipo tinjere timene timalumaluma tikamadya nkhuyu, kalikonse kanachokera ku duwa lakelake.

Funso linabwera lokha, nanga maluwa otsekeredwa chonchi mungu umawapeza bwanji, poti njuchi singalowe, mphepo singalowe? Iye anasuntha kampeni pang'ono n'kundilozera kanthu kakuda kali gone pakati pa timaluwa tija, kochepa kuposa nyerere, mwina mamilimita 2 basi. Akuti aka ndi kamavu, kakakazi, kafa katamaliza ntchito yake. Kamabadwira mu nkhuyu ya mtengo wina, kamatuluka katanyamula mungu m'timatumba tomwe kali nato pachifuwa, n'kuuluka kutsata fungo la mkuyu umene nkhuyu zake zafika poyenera. Kakafika kamadzipanikiza pa kakamwa kaja, njira yake ndi yothina kwambiri moti mapiko amathothoka ndipo tinyanga timaduka, ndiye kakalowa kalowa, sikadzaulukanso. Mkatimo kamayenda duwa ndi duwa kuikira mazira, uku kakutapa mungu ndi timiyendo takutsogolo n'kumapaka pa maluwawo. Maluwa ena ndi a khosi lalifupi, amenewo dzira limafika pansi ndipo mumakulira mwana wa mavu. Ena ndi a khosi lalitali, ambiri mwa amenewo amangolandira mungu n'kubereka njere. Mtengo wapereka maluwa ena kuti akhale chakudya cha ana a mavu, mavu apereka mungu kuti mtengo ubereke, ndipo akatswiri amati mgwirizano umenewu wakhalapo zaka zoposa 60 miliyoni.

Kenako anadula ina yofewa yachikasu, isanafiire kwenikweni. Eee abale! Pampango woyera paja panadzadza moyo. Timavu takuda ta mapiko onyezimira kutuluka kumayendayenda, tina kuuluka nthawi yomweyo, ndipo pakati pake tina tofiirira topanda mapiko, topindika ngati timphutsi, tikukwawa mwaulesi. Ndinati izi ndiye mphutsi zija tinkazitaya. Anati ayi amalume, amenewo ndi amuna ake. Amabadwa opanda mapiko, maso osaona bwino, amayamba ndi iwo kutuluka m'maluwa, n'kukakwera akazi akadali m'timaluwa tawo, akatero amaboola khoma la nkhuyu kuti akaziwo apeze potulukira, basi ntchito yawo yathera pomwepo, amafera momwemo kapena kugwera pansi, kunja sakudziwako. Nthawi yomweyo ndi imene maluwa aamuna amakhala atakhwima, ndiye akazi aja amadzadza mungu m'timatumba tawo n'kutuluka pa bowo lija. Akangotuluka nkhuyu imafewa, kufiira, kutsekemera, kuitana mbalame ndi apusi kuti adzamwaze njere.

Apa ndinakumbuka mayi anga malemu. Ankakonda kunena kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, makamaka akamatichenjeza anyamata za kutengeka ndi nkhope. Ndipo tikamadya nkhuyu kudambo tinkayamba taing'amba, kuuzira fuu kuti tizilombo tichoke, zina n'kutaya kuti zaola. Mwambiwo sunaname, nyerere zenizeni zimalowamo ndithu, ndaziona lero zitazungulira pa bowo lija kudikirira kugwira timavu totuluka, zinanso zikutsata kutsekemera. Koma tambiri mwa tizilombo tinkatiuzira tija si nyerere ndipo si kuola, ndi eni nyumba, popanda iwo sipakanakhala njere ya mkuyu olo imodzi. Ndinalakalaka mayi akanakhalapo ndiwaonetse pa kagalasi, ndikudziwa akanaseka n'kuombera m'manja.

Chomwe chandikhudza kwambiri ndi ichi. Kamavu kakakazi kakatuluka kamakhala ndi moyo tsiku limodzi kapena awiri basi. Pa mtengo umodzi nkhuyu zimakonda kukhwimira limodzi, ndiye pamene timavu tikutuluka, pamtengo womwewo nthawi zambiri sipakhala zaziwisi zoti tilowemo, tiyenera kupeza mkuyu wina umene uli pa msinkhu woyenera. N'chifukwa chake mikuyu sibereka nthawi imodzi ngati mango, uwu ukupsa lero, uwo uli ndi zaziwisi, winawo ulibe kanthu, chaka chonse kumangosinthana, ndipo n'chifukwa chakenso mbalame ndi nyama zimapeza chakudya pa mkuyu ngakhale m'chilimwe chouma ngati chino pamene mitengo ina ilibe kalikonse. Komanso si mavu alionse, mtundu uliwonse wa Ficus umakhala ndi akeake, a mkuyu uwu dzina lawo ndi Ceratosolen arabicus, a kachere ndi ena. Ndiye mkuyu ukatsala wokhawokha dera lonse, anzake atadulidwa, umakhala ngati mudzi wopanda njira.

Tabwerako madzulo, zala zikumatabe utomoni, sopo wakanika, mlongo wanga wandipatsa mafuta ophikira ndiye wachoka.

Lachinayi

Lero za mitengo zinachepa, tinali pa ntchito ya chinkhoswe. Ine ndi alamu tazungulira msika kugula lichero, mthiko, chipande, khasu, nkhwangwa ndi thadzi loti tikapereke kuchimuna. Nkhwangwayo ndinaisankha ndine, ndinaiyesa m'manja kulemera kwake, ndipo maganizo anathawira kudimba.

Madzulo mmodzi wa anyamata a njerwa aja anaimba foni kufunsa tsiku lenileni loti abwere ndi macheka. Ndamuuza kuti adikire kaye ndifike, sanasangalale, akuti mvula ili pafupi ndipo njerwa zikanyowa aluza. Ndikumumvetsa, nayenso ali ndi ana.

Usiku magetsi atazima tinakhala panja, mileme ikuuluka kuchokera ku kachere wa kwa aneba, kulira ngati tibelu. Mmawa pakhonde pamakhala zitosi zake zodzadza tinjere, mlongo wanga amadandaula posesa, koma mwana wake akuti mileme ndiyo imadzala mikuyu yambiri kuposa munthu aliyense chifukwa imachita chitosi ikuuluka, kutali ndi mtengo umene yadyako.

Lachisanu

Mwanayu amafuna kukatenga mabuku ake ku Bunda ndiye ndinamuperekeza, minibasi ya ku Mitundu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Sukuluyi pano ili pansi pa LUANAR, yunivesite ya zaulimi ndi zachilengedwe. Atamaliza zake anati tikwereko phiri la Bunda pang'ono, ine mawondo anandilola mpaka chapakati. M'phirimo muli anthu ambiri opemphera, ena m'magulu akuimba, ena payekhapayekha atagwada pathanthwe, ndiye timadutsa mwakachetechete.

Kumeneko ndaona abale ena a mkuyu omera pamwala penipeni popanda dothi looneka. Mizu yake yoyera yayenderera pathanthwe ngati phala lotayika, n'kulowa m'ming'alu, ndipo pena mwala wachita kung'ambika chifukwa muzu ukunenepera mkati. Mtengo wake ndi waufupi, wopindika, koma tinathyola tsamba mkaka uja unatuluka, mphete ija ilipo, ndipo m'khwapa mwa masamba muli tinkhuyu tating'ono ngati nandolo. Ulendo uno ndinayamba ndine kuzindikira iye asananene, ndipo anandiombera m'manja.

Potsika tinapumira pansi pa kachere wamkulu m'mudzi wina wapafupi, pomwe agogo ena aamuna amagulitsa nzimbe. Atationa tikuyang'ana m'mwamba anafunsa chomwe tataya, titawafotokozera nkhani inakoma. Akuti ali anyamata ankatema khungwa la kachere mmawa, kukinga utomoni m'chigoba, kuuphika mpaka ulimbe n'kukhala ulimbo, kenako kupaka pa timitengo n'kukatchera mbalame pachitsime. Zimenezo nanenso ndinachitako. Koma anatiuzanso za chiwondo, nsalu ya khungwa imene makolo ankavala nsalu za m'sitolo zisanafike, akuti agogo awo ankasenda khungwa la mombo kapena la kachere, kulinyika, n'kulisula ndi chibonga pa chipika mpaka lifewe n'kutambasuka. Mwanayu anawonjeza kuti ku Uganda a Baganda mpaka lero amapangabe nsalu yotere kuchokera ku Ficus natalensis, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaizindikira ntchito imeneyi mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu. Agogowo anagwedeza mutu n'kunena kuti kuno ana a masiku ano ngakhale dzina loti chiwondo salidziwa.

Ndinawafunsa kuti kachere ameneyu anamera yekha? Anati ayi mwana wanga, anadzala ndi anthu pokhazika mudzi, kachere savuta, umangodula nthambi yonenepa ngati mkono n'kuizika nthawi ya mvula, basi yaphuka. N'chifukwa chake mabwalo ambiri a milandu ali pansi pa kachere, ndipo malo otchedwa Kachere ali ponseponse m'dziko muno. Anatikumbutsanso za kachere wa ku Mtunthama ku Kasungu, amene Kamuzu Banda ankati anaphunzirira pansi pake ali mwana, kufupi ndi pomwe anadzamanga Kamuzu Academy yomwe inatsegulidwa mu 1981.

Tili m'phiri muja mwanayu anandilozera kumadzulo, mapiri a Dzalanyama akuoneka mwa chifunga, n'kunena kuti mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko, kudutsa mu mzinda, kukathira mu Linthipe, ndipo madzi omwewo ndi amene amadutsa kumunsi kwa dimba langa asanakalowe m'nyanja. Kenako anandiuza za kafukufuku wina yemwe anachitika ku Namibia, m'mbali mwa mtsinje wa Ugab, wofalitsidwa mu 2009. Kumeneko ndi kuchipululu, mikuyu ili patalipatali motsata mtsinje, ndiye anayeza njere kuti adziwe bambo wa njere iliyonse ndi mtengo uti, n'kupeza kuti timavu tina tinanyamula mungu mtunda wa makilomita 160, touluzidwa ndi mphepo usiku. Kanthu kochepa kuposa nyerere, ka moyo wa masiku awiri! Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 okha pamsewu. Sindikunena kuti timavu ndinationa Lachitatu tija tikafika kwathu, koma chiyambire pamenepo mkuyu wanga sindikuuonanso ngati mtengo uli wokha pakona pa dimba, ndikuuona uli pamzere umodzi ndi ya ku Lingadzi ija, ndipo ndikawerenga m'mutu mikuyu yomwe inali m'mbali mwa Linthipe chigawo chathu ndili mwana ndi yomwe yatsala lero, zala za dzanja limodzi zikukwanira.

Komabe ndinamuuza chilungamo, kuti mwana wanga zonsezi ndamva koma mthunzi uja ukundiphera chimanga ndithu, ndipo feteleza sagulidwa ndi timavu. Sanatsutse. Anati nthambi ziwiri zomwe zaweramira kudimba zija ndikhoza kuzisadza, mkuyu umaphukanso bwinobwino, masamba ake ndi nkhuyu zakugwa mbuzi zimadya, ndipo mizu yake ndiyo yagwira gombe langa kuti lisagumuke madzi akasefukira. Apo ndiye anandigwira, chifukwa dimba la mnzanga wa kumunsi, amene anadula yake kalekale, theka linapita ndi madzi ndikuona ndi maso angawa.

Loweruka

Chinkhoswe chayenda bwino kwambiri, tithokoze Mulungu. Akuchimuna anabwera ndi tambala wawo, ife tinapereka thadzi, tinawabweretsera atsikana ofundidwa zitenje kuti mkamwini asankhe wake ndipo sanaphonye, nthungululu kuchita kugonthetsa m'khutu. Ine ndinayankhula mawu a kuchikazi, mawu ananjenjemera pang'ono poyamba koma ndinamaliza. Fumbi, thobwa, perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Ndatopa zedi, ndilemba mawa.

Lamulungu

Ndikulemba ndili m'minibasi, tadutsa kumene pa Chezi, netiweki ikubwera n'kumapita. Mmawa tisanapite kutchalitchi ndinawaimbira anyamata a njerwa aja, ndawauza kuti mtengo wonse sindigulitsanso, koma nthambi ziwiri zikuluzikulu za kudimba zija abwere adzadule ine ndilipo, atenge pa mtengo wochepa, chotsala cha chikole chawo ndidzawabwezera ndikagulitsa mbuzi imodzi chifukwa ndalamayo ndinaigwiritsa kale ntchito pa zitenje. Anadandaula, mmodzi mpaka anakweza mawu, koma pamapeto tamvana kuti abwera Lachiwiri. Za feteleza ndiona mmene ndichitire, mwina thumba limodzi m'malo mwa awiri, kwinako manyowa.

Aneba a mlongo wanga andidulira nthambi ya kachere wawo uja, yaitali kufika m'chiuno, tinaikulunga m'chiguduli chonyowa. Kondakitala amafuna ndiilipirire ngati katundu, titakambirana waiika pansi pa mpando wakumbuyo. Mwanayu wandichenjeza kuti ndisakaidzale pafupi ndi nyumba kapena chitsime chomangidwa chifukwa mizu yake imang'amba maziko, ndiye ndikaizika kugombe, kumunsi kwa mkuyu, pamene madzi anayamba kudya dothi, ndizikaithirira mpaka mvula igwe. Pondiperekeza pa siteji anandiika kagalasi kaja m'thumba la malaya, akuti iye akapeza kena kusukulu.

Ndikafika mwina kudzakhala kutada. Mawa mmamawa ndilawirira kudimba ndi kampeni ndi mpango woyera, pochoka paja mkuyu unali ndi nkhuyu zaziwisi zazing'ono ngati nthudza, pofika pano ziyenera kuti zakulako, ndikufuna ndikaone ngati alendo aja alowamo kale. Adzukulu anga awiri ndiwatenga.